Mapilisi a Che Bakali

Tatu ankasenda nandolo pakhonde dzuwa likupendeka pomwe kapepala kanagwa m'thumba la jekete ya mwamuna wake, Che Bakali, yomwe inali pachingwe. Atakatola, anapeza timapilisi tabuluu, tija amagula mobisa amuna ku Namitambo mphamvu za kuchipinda zikawathera.

Mtima unamuwawa kwabasi. Kwa iye Che Bakali ankangofika n'kutembenukira kukhoma, ati msana. Koma likakwana tsiku la kwa Shakira, mkazi wamng'ono wa ku Mbulumbuzi, njinga ankaipalasa ngati mnyamata. Kani msanawo unkasankha nyumba!

Mayi wina wa zitsamba anamunong'oneza kuti, "Kawakwirireni pamanda a mwamuna amene munagonapo naye mphasa imodzi. Mphamvuyo ikatsala komweko, kwa Shakira sakaphulako kanthu."

Kwawoko akazi salowa kumanda, koma nsanje sifunsa mwambo. Tatu analowa, n'kukankhira mapilisi onse m'dothi la Bwanali, mwamuna wake woyamba, amene ali moyo sankalola ngakhale wogulitsa usipa kupatsa mkazi wake moni.

Basi, agalu anayamba kulira masanasana. M'nyumba munkanunkha dothi lonyowa, mvula isanagwe n'komwe. Mphasa ankaipeza itanyowa mbali imodzi, mwa msinkhu wa munthu. Mayi wa zitsamba uja anapezeka ali gone m'munda mwake, m'kamwa mutadzaza dothi.

"Mwalandira alendo, achemwali?" anafunsa Ruqaiya, wa nyumba yoyandikana nayo. "Ndamva mwamuna akutsokomola."

"Ndi wailesi."

"Wailesi yotsokomola ngati malemu?"



Tsiku lina madzulo Che Bakali anatsamiritsa njinga pakhoma, nkhope ili pansi. Shakira anali atamuseka kuti mphamvu zamuthera, mpaka anthu a pachitsime kumva.

"Tatu, tsegula. Ndabwerera kwa iwe, uko sindipondakonso."

Mawu amenewo ndi omwe Tatu ankawalakalaka. Anathamangira kuchitseko, koma mpiringidzo sunasunthe. Dzanja lozizira, lamatope, linamuzungulira m'chiuno pang'onopang'ono, ngati la munthu wozolowera.

"Tatu, uli ndi ndani mmenemo?" anakuwa Che Bakali.

Amene anayankha sanali Tatu. Mawu ake anali okhuthala ngati ochokera pansi pa mtondo.

"Bwererani, achimwene. Mankhwala anu aja ndi amphamvu. Mwini mkazi wadzuka."