Swidi wa Alile

Alile ankakhala ku Bembeke. Anali mwana wamanyazi. Sankalankhula kwambiri.

Tsiku lina amalume ake, a Bonifasi, anamupatsa tinjere takuda.

"Uyu ndi swidi," anatero amalume. "Amakonda kuno kozizira. Masamba usathyole. Chakudya chake chili pansi."

Alile anabzala kumapeto kwa dimba. Ankathirira m'mawa. Ankathirira madzulo. Panamera swidi atatu.

Masamba anakula. Ankafanana ndi repu.

Lolemba amayi anabwera ndi dengu.

"Koma repu uyu, kukongola!" anatero.

Thyo! Thyo! Swidi woyamba anatsala wopanda tsamba.

Alile anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke.

Lachitatu kunabwera azakhali ake, a Fiona.

"Alamu, ndithyoleko repu uyu," anauza amayi.

Thyo! Thyo! Swidi wachiwiri anatsala wopanda tsamba.

Alile anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke.

Tsopano anatsala mmodzi yekha.

Loweruka amayi anabweranso ndi dengu. Alile anathamanga. Anagwada pafupi ndi swidi. Anamutchinga ndi manja onse awiri.

"Amayi," ananong'ona. "Si repu uyu."

"Ukuti chiyani, mwanawe?"

"Si repu. Ndi swidi. Chakudya chake chili pansi. Mukathyola masamba, sakula."

Amayi anaika dengu pansi. Anafukula dothi ndi chala. Panaoneka kamutu kofiirira.

"Iii! Nanga bwanji sunanene?"

"Mawu amakana kutuluka," anatero Alile.

Amayi anakwirira kamutuko. Kenako anamusisita Alile paphewa.

"Pepa, mwanangu. Ameneyu sitimukhudza."

Alile anadikira mwezi. Anadikira mwezi wina.

Tsiku lina amalume anabwera pa njinga. "Tiye tikazule," anatero.

Alile anakoka. Anakokanso. Swidi anazuka! Anali wamkulu, wosakwana m'manja.

Amayi anamusenda. M'kati anali wachikasu. Anamuphika pamodzi ndi mbatata ya kachewere.

Onse anakhala pamphasa. Azakhali analawa. Analawanso.

"Kutsekemera kwake!" anatero azakhali. "Alile, chaka chamawa ubzale ambiri."

Alile anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka, omveka bwino.

"Ndibzala, azakhali. Koma masamba musathyole!"

Onse anaseka. Amayi anamuonjezera Alile chidutswa chachikulu.