Kanyali Kamene Mzime Anamata

Pakhomo paja panali mtendere. Bambo anali makaniko, galaja yawo ya malata ili kuseri kwa nyumba, ndipo mayi ankachapa nsalu pachipatala. Ana akuluakulu anali atabalalika kukafuna moyo kutali, kunyumba kunangotsala wotsiriza, amene aliyense ankangomuti Mzime. Madzulo atatuwo ankapemphera limodzi, kenaka bambo ankayamba nkhani za injini mpaka mayi kuwodzera.

"Injini ili ngati munthu," ankatero. "Imadya petulo, imapuma mpweya. Koma mpweya uzichuluka: petulo gawo limodzi, mpweya magawo ngati khumi ndi asanu. Ukaidyetsa mopitirira, imasanzira petulo wosapsa mu ekizozi. Kunsi kwa galimotoko kuli kachitini kotchedwa katalisiti, m'kati mwake muli timabowo ngati chisa cha njuchi. Ntchito yake n'kutentha utsi woipa wotsala. Ukakamwetsa petulo wosapsa, kamafiira ngati khala. N'chifukwa chake galimoto yotentha timaimika pa simenti, osati pa udzu."

Kenaka matenda a shuga anawadya maso bambo aja. Makasitomala anachepa, koma manja anawatsalira. Ndi zala zokha ankadziwa kukula kwa boti, ankasisita pulagi n'kunena vuto lake, ndipo oyandikana nawo ankawabweretserabe tinthu ting'onoting'ono toti akonze. Tsiku lina anaitana Mzime n'kumuika makiyi a galimoto yawo m'manja.

"Manja ndili nawo, makutu ndi mphuno ndili nazo," anatero. "Maso anga ndiwe. Kanyali kachikasu ka injini kakayaka pa dashibodi, undiuze tsiku lomwelo."

"Ndidzakuuzani, bambo."

Koma mnyamatayo anali wosungulumwa kwambiri. Anzake a kusukulu anali atapita kumakoleji, foni yake inkatha tsiku osalira. Mayi ankalawirira kuntchito. Bambo ankakhala m'galaja n'kumapukuta masipanala oyera kale. Mzime ankangoyendayenda m'nyumba, kutsegula chitseko n'kutsekanso, kuyang'ana pazenera udzu wouma wa kuseri kwa galaja umene anamuuza kalekale kuti atchetche.

Pabwalo la fakitale ina yotsekedwa pankasonkhana anyamata Loweruka masana, kuliza magalimoto. Mkulu wawo ankamutcha Mabingu, munthu wosasiyana ndi laputopu m'khwapa. Mzime anayamba n'kuima patali. Loweruka lotsatira anaima pafupi.

"Mphwanga," anatero Mabingu, akumenya boneti, "galimoto yakoyi ikuyenda ngati yanyamula maliro. Bwera nayo ndiiphunzitse kuyankhula."

"Ndi ya bambo, achimwene."

"Bambo ako osaona aja? Ndiye aiona bwanji?"

Anyamata anafa nalo phwete. Mzime naye anaseka, ngakhale mtima unamuluma.

"Ndilibe chokupatsani."

"Iwe, m'galaja muja mulibe jeke? Mulibe masipanala? Wakhungu achita nazo chiyani, aziphika?"

Mlungu womwewo jeke inachoka m'galaja, ndipo sipanala yaitali inachoka pa msomali wake. Mabingu analumikiza chingwe cha laputopu ija kunsi kwa chiwongolero, n'kuwonjezera petulo ndi kuchedwetsa moto wa mapulagi kuti petulo wina azikaphulikira m'paipi. Galimoto yofatsa ija inayamba kulira ngati mfuti, malawi akutuluka kumbuyo. Anyamata anakuwa, namumenya Mzime paphewa, wina n'kumupatsa botolo la mowa. Kanali koyamba m'miyezi yambiri kuti anthu amuitane, ndipo zinamukomera mpaka mumtima.

Kunyumba bambo anapapasa khoma n'kupeza msomali wopanda kanthu.

"Sipanala yanga yaitali ili kuti?"

"Mwina munabwereketsa, bambo."

Dzanja lawo linakhalabe pa msomali paja.

Pasanapite nthawi kanyali kaja kanayaka, kenaka kanayamba kuphethira. Mzime anathamangira kwa Mabingu.

"Kameneko n'kamiseche," anatero Mabingu. "Kamate tepi, kasiye kukunenera."

Mzime anakamatadi, ndi tepi yakuda ya bambo ake omwe.

Tsiku lopita ndi makolo ake kuchipatala anayendetsa mofatsa ngati wansembe, koma bambo anakwinya mphuno.

"Kukununkha mazira owola. Mzime, kanyali kaja kayaka?"

"Ayi bambo, palibe chayaka."

"Mayi ake, inu mukuonapo chiyani?"

Mayi anasuzumira kuchokera kumbuyo. "Ine sindikuona nyali iliyonse."

Atabwerera, bambo anagwada kumbuyo kwa galimoto, napisa chala mu ekizozi itazizira, n'kuchisisita ndi chinzake.

"Mwaye uwu sunama, mwana wanga. Ngati wina waigwira galimotoyi, nena, tikonze katalisiti isanasungunuke. Sindikumenya."

"Palibe waigwira, bambo."

Mayi anamutsatira kukhitchini n'kutseka chitseko. "Bambo ako anakupatsa udindo wa maso awo," anatero motsitsa mawu. "Ukawanamiza, wawachititsa khungu kawiri."

Mzime anayang'ana pansi, koma sanaulule. Ankaopa kuti akanena, Loweruka lidzakhalanso ngati masiku ena onse. Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha mpaka wakhungu kulimva.

Loweruka lotsatira kunatentha kwabasi. Mzime anaiponda galimoto masana onse, mpaka inayamba kutsokomola n'kusowa mphamvu. Mnyamata wina anawerama n'kukuwa kuti kunsi kwafiira.

"Kaisiye kwanu ipume," anatero Mabingu. "Ubwere wapansi, mowa ukadalipo."

Mzime anazimitsa injini asanafike pageti, n'kuilola kutsetserekera mwakachetechete. Kuilowetsa m'galaja, pa simenti, anaopa, chifukwa bambo anali kuwodzera momwemo ndipo akanamva kutentha kwake. Anaiimika kuseri, pa udzu wouma uja. Anakiya zitseko n'kuzemba. Mayi anali kuntchito.

Bambo anadzidzimuka ndi fungo la udzu ndi labala zikupsa. Anatuluka akupapasa malata mpaka bondo linagunda bampala, ndipo anaizindikira galimoto yawo. Galimoto imeneyo sinkabwera yokha.

"Mzime! Mzime!"

Kunali zii. Anaganiza kuti utsi wamukomola m'katimo. Analowa m'malawi, nagwira chogwirira cha chitseko n'kukoka. Chinali chokiya. Anamenya galasi, nagwiranso chitsulo chotenthacho ndi manja onse awiri, osachisiya. Oyandikana nawo anachita kuwakoka, iwo akukuwabe kuti, "Ndisiyeni, mwana wanga ali m'katimo!"

Mzime anaona utsi ali pabwalo paja, botolo lili m'manja. Anathamanga yekha. Anapeza galimoto itasanduka chigoba, galaja itagwa, anthu atapita nawo kale bambo ake kuchipatala.

Moyo unapulumuka, koma zala zinakwinyika ndipo zinasiya kumva chilichonse. Foni ya Mabingu sinayankhidwenso. Mwa anyamata onse omumenya Mzime paphewa aja, palibe anabwera ngakhale kudzapepesa. Mayi sanamukalipire, ankangomudutsa ndi beseni, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa ndodo. Mzime ndiye ankawasambitsa bambo ake, kuwamanga mabatani ndi kuwamwetsa madzi. Nyumba ija inachita bata loposa limene ankalithawa.

M'mawa wina bambo anapempha sipanala imene inatoledwa m'phulusa. Anaitembenuza m'zikhatho nthawi yaitali, nkhope itayang'ana kumwamba.

"Ndi nambala chani iyi?"

Mzime anawawerengera. Kale bambowo akanaidziwa atangoikhudza.

"Mwana wanga, kanyali kaja kanayaka?"

Mzime anagwada pansi. "Kanayaka, bambo. Ndinakamata tepi. Jeke ndi sipanala ndinaba ndine. Ndikhululukireni."

"Ndinkadziwa," anatero bambo. "Mphuno inandiuza, chala chinandiuza. Koma ndinati mwana wanga ali ndi maso, ine ndilibe, ndiye ndinakhulupirira iwe." Anasanjika dzanja lokwinyika lija pamutu pake. "Ndakukhululukira, ndipo Mulungu akukhululukire. Koma tsitsi lakoli sindikulimva."

Mzime analira ngati mwana wakhanda.

Wachinyamata iwe, Mulungu anaika kanyali mumtima mwako, ndipo anakupatsa makolo oti azikuchenjeza. Anzako a phokoso adzakuuza kuti ukamate tepi, koma kumata nyali sikuzimitsa moto umene uli kunsi. Usabe, usanamize amene amakudalira, ndipo ukalakwa ulule zinthu zisanapse. Chikhululukiro chilipo, koma zina zikapsa zapsa. Mzime anakhululukidwa, komabe mpaka lero m'mawa uliwonse amamanga mabatani a munthu amene anapsa manja pofuna kumupulumutsa m'galimoto yopanda munthu.