Kathumba Kozondoka

Mtsikana wina amene amaphunzira kusoka kwa azakhali ake, pashopu ya chitseko chobiriwira, nkhani yake inayambira pa siteji ya basi. Linali tsiku loyamba kuyenda ndi chikwama chosoka yekha.

Zipi yake inali yokhota, koma mwiniwake ankayenda monyada ngati wachigula kunja. Basi itangotulukira, lamba wa chikwamacho thi, kuduka. Foni, chipeso ndi ulusi zonse mbwee pansi.

Amene anathamanga kudzatola ndi mnyamata wosoka nsapato, amene amakhala pansi pa ambulera pambali pa sitejiyo.

"Asisi, amene anakusokerani chikwama ichi amakudani," anatero.

"Ndasoka ndekha."

Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Ndiye ndimati... nsaluyi munasankha bwino kwambiri."

Mtsikanayo anaseka mpaka basi inamusiya. Wansapato uja anatenga singano yake yaikulu n'kumuonetsa.

"Pa lamba simudutsa kamodzi ayi. Mumasoka kabokosi, kenako mtanda pakati, n'kubwereza. Mukatero, ngakhale mutanyamula njerwa sangaduke."

Kuyambira tsikulo anamupatsa dzina loti Kasingano. Ndiye mameseji ake, inu.

"Kasingano kanga, wadya? Lero ndadzibaya chala kawiri chifukwa choganiza za iwe."

"Bodza. Ndiwe wosasamala basi."

"Ndikulumbira. Ine ndi iwe tili ngati lamba uja, ndinasoka mobwereza. Sitidzaduka."

Ndani sangasungunuke ndi mawu otere? Kasingano ankawerenga kanayi, phazi lili pa makina.

"Iwe, foni ikalira msoko umakhota," ankatero azakhali. "Masula, uyambirenso. Mnyamata wako sadzavala zikwama zimenezi."

Tsiku lina Wansapato anamuperekeza mpaka pakhomo pa shopu, n'kumugwira chala chaching'ono.

"Tsiku lobadwa la mayi anga layandikira. Uwasokere kachikwama, ayambe kudziwa manja a mpongozi wawo."

Mpongozi! Kasingano anavomera nthawi yomweyo.

Anasoka sabata yathunthu. Anasankha nsalu ya maluwa achikasu, zipi anaimasula katatu mpaka inawongoka. Asanatseke nsalu yam'kati, analowetsa kapepala pakati pa nsalu ziwirizo, polemba kuti, "Amayi, mwana wanu ndidzamusamala." Sanauze munthu. Ankangofuna kuti mawuwo aziyenda nawo.

Atatseka zonse n'kutembenuza kachikwamako, m'pamene anaona. Kathumba kam'kati anakasoka mozondoka, kukamwa kuyang'ana pansi. Wansapato anali atafika kale, akudikira pakhomo.

"Ndipatse tsiku limodzi ndikonze," anapempha, misozi ili lengelenge.

"Usalire, duwa langa. Mayi adzakakonda chonchi. Cholakwikachi ndiye siginecha yako."

Anakanyamula n'kupita. Mawa lake anatumiza meseji yoti mayi asangalala, akupereka moni.

Patapita milungu itatu, masana dzuwa likuswa mtengo, m'shopu munalowa namwino wina wachitsikana, wa nkhope yofatsa. Azakhali anali kuyeza kasitomala kuseri kwa katani, ndiye anamulandira ndi Kasingano.

"Asisi, mungandithandizeko? Kathumba kam'katika n'kozondoka, makiyi amangogwa."

Anaika patebulo kachikwama ka maluwa achikasu.

Kasingano anayang'ana pa lamba. Kabokosi, mtanda pakati, mobwereza.

"Munakapeza kuti?" anafunsa Kasingano.

"Bwenzi langa anandipatsa pa tsiku langa lobadwa. N'chifukwa chake sindikufuna kukasiya. Iyeyo amasoka nsapato pa siteji, koma akuti zikwama sazitha." Namwinoyo anaseka mwamanyazi, akuseweretsa mphete pachala. "Tikukwatirana mwezi wamawa."

Kodi munthu angatani pamenepo? Akuwe? Amumenye mnzake amene sakudziwa kanthu?

"Khalani pampandopo," anatero Kasingano. "Sindichedwa."

Anamasula msoko pang'onopang'ono. Kapepala kaja kanagwera pamiyendo pake, kakadali kopinda bwinobwino. Anatembenuza kathumbako n'kukasoka. Aka kanali koyamba chiyambire kuphunzira kuti msoko wake uwongoke osabwereza.

Foni inalira, meseji ya Wansapato. "Kasingano kanga, ukutani?"

Anaika foniyo pambali. Anatenga cholembera, kuseri kwa kapepalako analemba kuti, "Kachikwamaka ndinasoka ndine. Anandiuza kuti n'ka mayi ake." Anaikapo nambala yake, n'kulowetsa m'kathumba katsopanoko.

"Kakhala bwino, asisi. Sikagwetsanso kanthu. Ndaikamo kapepala, mukawerenge mukafika kunyumba, mutakhala pansi."

Namwinoyo anamuyang'ana modabwa, koma anathokoza n'kutuluka.

Apo m'pamene Kasingano anayankha meseji ija. "Ndimakonza kathumba ka mayi ako. Angotuluka kumene. Mphete ikuwakhala."

Foni inayamba kulira, kulira, osaleka. Anaitembenuza chafufumimba patebulo, misozi n'kuyamba kugwera pa nsalu.

Azakhali anali atamva zonse kuseri kwa katani kuja. Anakoka mpando, n'kugoneka mutu wa mtsikanayo paphewa pawo.

"Azakhali, anati sitidzaduka."

"Ndamva, mwanawe. Lira, lero makina apume." Anamusisita kumsana kwa kanthawi, kenako ananong'ona. "Koma msoko uja ndauona. Mawa ndikuyamba kukupatsa zikwama za makasitomala."