Diresi la Phewa Limodzi

Kamtambo anali mtsikana wokonda kulota masana. Akamutuma kukatenga mchere, ankaima pakhomo. Ankaima n'kumayang'ana mitambo. N'chifukwa chake anamupatsa dzina limeneli.

Koma sabata imeneyo Kamtambo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti achemwali ake akayimbe.

Achemwali anali ndi mawu okoma. Aphunzitsi anawasankha kuti adzayimbe okha kusukulu Loweruka. Koma Lolemba anagwa panjinga. Mkono wakumanzere unathyoka. Adokotala anaumanga m'chikhakha choyera. Chikhakhacho chinali cholimba. Chinali chachikulu ngati chipika.

Lachisanu masana, achemwali anayesa diresi lofiira. Mkono sunalowe.

Anayesa diresi lachikasu. Mkono sunalowe.

Anayesa diresi la maluwa. Mkono sunalowenso.

"Basi, sindipita," anatero achemwali. "Ndikayimbe nditavala chimalaya cha ababa? Anzanga akandiseka."

Anakhala pabedi. 

Amayi anatsegula dirowa ya makina osokera. Munali mapepala odulira nsalu. Lina linali la kolala. Lina linali la m'chiuno. Lina linali la mkono.

"Mapepala angawa ndi a mikono yowongoka," anatero amayi. "La mkono wa chikhakha ndilibe, mwananga."

Mtima wa Kamtambo unawawa. Anapita pawindo. Mwaiwala kodi? Kamtambo ndi Kamtambo. Maso anapita panja.

Pachingwe panali nsalu yabuluu. Inali yayitali, yofewa. Amayi anaichapa m'mawa. Mphepo inabwera. Inainyamula pang'onopang'ono. Nsalu inauluka. Inauluka n'kutera pakamtengo ka kuseri.

Inakola panthambi imodzi yokha. Mbali ina inatsika mpaka pansi. Inkagwedezeka ngati madzi.

Kamtambo anayang'ana. Anayang'ananso. M'maso mwake, kamtengo kanayamba kuvina. Kanazungulira. Kanawerama. Masamba onse anaomba m'manja.

"Amayi," anatero Kamtambo motsitsa mawu, "kamtengo kavala diresi."

"Wayambatu maloto ako," anatero achemwali.

"Kavaladi. Onani. Nthambi inayo ili panja, koma katchena."

Kamtambo anathamanga. Anabwera ndi nsalu ija. Inali yofunda ndi dzuwa.

"Achemwali, taimirirani."

"Ndisiye, iwe."

"Chonde, achemwali. Mukhale kamtengo pang'ono chabe."

Achemwali anausa moyo. Koma anaimirira.

Kamtambo anakwera pampando. Anaika nsalu paphewa lakumanja. Anaidutsitsa kunsi kwa chikhakha. Anaizunguliza kumsana. Nsalu inatsika yokha. Inapanga timafunde.

Amayi anasiya mapepala aja. Anayandikira.

"Tadikira," anatero amayi. "Gwira pomwepo."

Anatenga kabokosi ka mapini. Phini imodzi paphewa. Phini ina m'chiuno. Phini inanso m'mbali.

"Sitidula?" anafunsa achemwali.

"Ayi," anatero amayi. "Lero nsalu itiuza yokha kopita. Ife tingoitsatira."

Kamtambo anapinda apa. Sizinakome. Anamasula. Anapinda apo. Sizinakome. Anamasulanso.

"Miyendo yatopa," anadandaula achemwali.

"Kamtengo sikadandaula," anatero Kamtambo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero amayi.

Kamtambo anapindanso kachitatu. Timafunde tinagona bwino. 

Kenaka amayi anawavula achemwali nsalu ija mosamala. Mapini onse anali m'malo mwake. Amayi anakhala pamakina. Makina anayamba kulira. Kiti kiti kiti. Anasoka m'mbali. Anasoka mpendero wa pansi.

"Paphewa pafunika manja," anatero amayi. "Usoke ndiwe, Kamtambo."

Kamtambo anatenga singano ndi ulusi wabuluu. Anaika diresi pamiyendo pake. Singano inalowa, inatuluka. Inalowa, inatuluka.

Ndipo maganizo ake anauluka. Anaona achemwali ali m'mwamba. Diresi linali lalitali, lofika kumapiri. Mbalame zinagwira mpendero ndi milomo. Achemwali ankayimba, mitambo ikumvetsera.

Singano inalowa, inatuluka. Inalowa, inatuluka.

"Ndamaliza," anatero Kamtambo.

Anaimirira. Diresi linaimiriranso. Anayenda. Diresi linamutsatira. Anatembenuka. Diresi linatembenukanso.

Kamtambo anali atalisokera kumodzi ndi siketi yake.

Anachita manyazi. Misozi inalengeza m'maso.

"Ndaononga," anatero.

Pabedi panamveka kaphokoso. Achemwali anagwira pakamwa. Mapewa ankagwedezeka. Kenaka anaphulika kuseka. Anali asanasekepo chithyokere mkono.

"Ndiye mawa tikayimba awiri," anatero achemwali. "Ine m'diresi, iwe ukulendewera pambali."

Amayi anaseka. Kamtambo nayenso anaseka, misozi ili m'masaya.

"Sunaononge, mwananga," anatero amayi. "Sitinadule kanthu. Ulusi umamasuka."

Anamasula ulusi umodziumodzi. Kamtambo anasokanso. Ulendo uno anasokera patebulo. Ulendo uno maso anali pasingano.

Loweruka linafika. Holo ya kusukulu inadzaza. Kamtambo anakhala pakati pa amayi ndi ababa. 

Achemwali anatulukira kutsogolo. Diresi labuluu linatsika kuchokera paphewa limodzi. Mkono wa chikhakha unali panja, woyera mbee. Palibe anaseka.

Achemwali anayamba kuyimba. Poyamba mawu ananjenjemera. Kenaka anakwera. Anakwera, anadzaza holo yonse. Kamtambo sanalote. Anangomvetsera.

Nyimbo itatha, anthu anaomba m'manja nthawi yayitali.

Panja, achemwali anabwera akuthamanga. Sanalankhule ndi anzawo. Analunjika kwa mng'ono wawo. Anamukumbatira ndi mikono yonse iwiri. Anaiwala kuti wina uli m'chikhakha.

Chikhakha chinagunda Kamtambo pamutu. Gu!

"Pepa, pepa," anatero achemwali. "Zawawa?"

Zinawawadi. Pachipumi panayamba kutupa.

"Ayi, achemwali," anatero Kamtambo. "Musandisiye. Ndikumbatireninso."