Lusiya ndi Msomali Wokoka Singano

Lusiya ankakhala ku Lisasadzi. Iye ankawasowa bambo ake.

Bambo anapita ku Santhe ndi kuponi. Ankafuna kugula feteleza. Koma mzere unali wautali. Tsiku loyamba sanabwere. Tsiku lachiwiri sanabwerenso.

Lusiya ankayang'ana kumsewu. Njinga inadutsa. Sanali bambo. Njinga ina inadutsa. Sanali bambo.

Pakhoma panali malaya a bambo. Thumba lake linali long'ambika. Lusiya anafuna kuwasokera. Anapempha singano kwa amayi. Amayi anamuuza kuti asamale. Singano inali imodzi yokha m'nyumba.

Lusiya anakhala pansi pa chigafa cha fodya. Anasoka pang'ono. Kenako anamva belu la njinga. Anadzambatuka. Sanali bambo.

Singano inali itagwa mumchenga. Lusiya anafufuza apa. Anafufuza apo. Sanaipeze. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Mkulu wake Evelyn anabwera kuchokera kusukulu. Anamva zonse. Anamutuma kukatenga msomali, waya ndi batire la mutochi. Anamuuza chochita.

Lusiya anakulunga waya pa msomali. Anakulunga, anakulunga, anakulunganso. Kenako anagunditsa nsonga za waya ku batire.

"Mu waya muli tinthu tating'ono," anatero Evelyn. "Timatchedwa maelekitironi. Tikamayenda, msomali umasanduka maginito."

"Koma sindikutiona, achemwali."

"Sitioneka. Koma tikuyenda."

Lusiya anayendetsa msomali pamchenga. Anauyendetsa pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi singano inadumpha. Inamata pa msomali.

Waya anayamba kutentha. Lusiya anauchotsa ku batire. Singano inagwera m'dzanja lake. Anaigwira zolimba. Anamaliza kusoka.

Tsiku lachitatu kunacha kuli mitambo. Belu linalira kumsewu. Lusiya anasuzumira. Anali bambo. Pa njinga panali thumba la feteleza.

Lusiya anathamanga. Anawakumbatira miyendo. Bambo anali ndi fumbi thupi lonse. Anali atatopa, koma anamunyamula.

Bambo atamwa madzi, Lusiya anabweretsa msomali wake. Anawauza kuti agunditse waya ku batire. Amayi anaika singano pamphasa. Singano inadumphanso.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndionetsenso, mwanawe," anatero bambo.

Lusiya anakwera pamiyendo pawo. Anawaonetsanso kasanu.