Tsiku Limene Khutu Anatuluka Panja

Nsalu ya kasitomala imene amayi anayala patebulo kuti aidule inapezeka pansi, itakandidwakandidwa, ulusi uli lende. Amayi anaitola n'kuiyang'ana pafupi ndi zenera. Nesi anaima pakona atakumbatira mphaka wake. Ankadziwa kuti amayi akakhala chete chonchi ndiye kuti zavuta kuposa akamakalipa.

"Mphaka wakoyu atuluke panja," anatero potsiriza.

"Amayi, chonde!"

"Sindikumuthamangitsa ayi. Ndikuti azituluka, akaothere dzuwa, akakande mitengo ngati anzake. Watopa nayo nyumba ameneyu. Iwenso nditakutsekera muno mwezi wathunthu, ukhoza kudya makatani."

Dzina loti Nesi anamupatsa ndi anzake akusukulu, chifukwa chilichonse chovulala iye ankafuna kuchisamalira, kaya ndi bondo la mnzake, kaya phiko la njiwa. Mphakayu anamutola m'ngalande kuseri kwa sukulu, ali mafupa okhaokha, khutu limodzi litaduka theka. Anamukulunga m'juzi ya yunifolomu n'kubwera naye kunyumba, ndipo anamutcha Khutu. Dokotala wa ziweto anamubaya jakisoni n'kulangiza kuti asatuluke kufikira atazolowera pakhomo. Tsopano Khutu anali atanenepa, ubweya ukuwala, koma ankangokhala pazenera tsiku lonse, n'kumalira ngati khanda akaona mbalame pampanda.

"Adokotala aja anati chiyani za tsiku lomutulutsa?" amayi anafunsa, uku akupinda nsalu yowonongeka ija.

"Anati tidzamutulutse m'mawa, asanadye."

"Chifukwa?"

"Kuti njala imubweze."

"Basi. Loweruka m'mawa mbale yake ikhale youma. Ukatsegula chitseko, iwe ukhale pansi. Osamunyamula, osamuthamangira. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Loweruka kunacha kuli mitambo, kukuzizira. Amayi ali kubafa, Khutu anayamba kuzungulira mbale yake yopanda kanthu. Ankalira, kudzikhuza m'miyendo ya Nesi, kumuyang'ana m'maso, kuliranso. Nesi anatembenukira kukhoma, koma m'mutu mwake munkangobwera nthiti zija zimene ankatha kuziwerenga ndi chala tsiku limene anamutola. Nanga akatuluka ndi njala n'kukatola zowola kudzala? Nanga akakadya khoswe wakufa ndi poizoni? Ndani amatulutsa mnzake panja m'mimba muli pululu?

Anamvetsera. Madzi anali akadathirabe kubafa. Mwachangu anatsegula chitini cha nsomba n'kukhuthulira zonse m'mbale. Khutu anadya mpaka kunyambita m'mbali. Nesi anatsuka mbaleyo, anaipukuta, ndipo chitini anachikankhira pansi penipeni pa bini ya zinyalala.

Amayi atatuluka, anaima pafupi ndi chitseko chakuseri, thaulo lili paphewa.

"Tsegula."

Nesi anatsegula n'kukhala pansi pakhonde, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Khutu anaima pakhomo nthawi yaitali, mphuno ikugwedera. Kenaka anatsika, mimba ili pafupi ndi pansi, n'kuyenda motsatira khoma. Ananunkhiza tsache, ananunkhiza ndowa, anagwedeza phazi limene linaponda pamadzi. Amayi anaseka pang'ono.

"Taona bwana akuyendera munda wawo."

Nesi sanaseke. Khutu anali atafika pa mgolo wa madzi umene unali m'mbali mwa mpanda. Anaudumphira, n'kukweza mutu kuyang'ana pamwamba pa njerwa. Kuseri kwa mpandawo kunali galaja, ndipo kutsogolo kwa galaja kunali msewu umene magalimoto sankaleka kudutsa. Mphakayo anapinda miyendo yakumbuyo, mchira ukugwedezeka.

Nesi sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji. Anangozindikira akuthamanga, akukuwa dzina la Khutu, ndipo anamugwira mwamphamvu mwendo wakumbuyo ali m'malere. Khutu analira kulira kumene Nesi anali asanakumvepo. Anapotoloka, anamukanda pamkono ndi zikhadabo zonse, n'kupulumuka. Anakwera mpanda, anatsikira kuseri, osaonekanso.

"Ndinati chiyani, mwana iwe?"

Nesi anangoima, magazi akuyenderera mpaka pachigongono. Amayi anamuyang'ana, anapuma mozama, n'kumukokera kumpopi kukatsuka balalo ndi sopo.

"Usalire. Wadzidzimuka chabe. Sanadye ameneyu, mimba ikamuluma abwera yekha."

Nesi anayang'ana kumene kunali bini ya zinyalala.

Masana mvula inayamba, yowaza pang'onopang'ono koma yosaleka. Nesi anaima pakhonde n'kumagogoda mbale ndi sipuni, monga ankachitira nthawi ya chakudya. Masiku onse Khutu akamva phokosoli ankabwera chothamanga ngakhale ali m'tulo. Lero pampanda panalibe kanthu, koma madzi okha akutsika m'njerwa. M'nyumba makina osokera ankalira, kuima, kuliranso.

"Zodabwitsa," amayi anatero, maso ali panja. "Mphaka wanjala sachedwa chonchi."

Chakumadzulo amayi anasesa tizidutswa ta nsalu n'kupita kukataya zinyalala kudzala. Pobwera analowa mwakachetechete, naika chitini chopanda kanthu patebulo, pamaso pa Nesi.

"Ichi?"

"Amalira, amayi."

"Amalira. Nanga pano akulira ndani?"

Nesi anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pasiketi.

"Wamukhutitsa, kenaka wamuopseza. Ndiye abwerere chiyani muno? Kudzandiona ine mmene ndikusokera?" Amayi anakhala pampando wawo, koma sanaponde makina. "Ukanandiuza m'mawa muja, tikanangodikira tsiku lina. Chitseko sichikanathawa."

Lamulungu Khutu sanabwere. Nesi anavala jekete n'kuzungulira kukalowa m'galaja muja. Pansi panali matope osakanikirana ndi oyilo, matayala akale ataunjikana pakona. Kunsi kwa galimoto ina kunatulukira miyendo iwiri ya munthu wovala ovolosi.

"Odi, a makaniko. Kodi mwaonako mphaka kuno?"

Bamboyo anatuluka chokwawa, sipanala ili m'manja. "Mphaka? Mwanawe, kuno amphaka ndi ambiri kuposa makasitomala. Wamtundu wanji?"

"Wotuwa. Khutu limodzi ndi loduka."

"Oo, mlendo uja! Anagwa kumpanda dzulo ngati wathamangitsidwa ndi apolisi. Amphaka eni malo kuno amulandira ndi makofi. Kaone uko." Analoza minibasi yakale yopanda matayala imene inakhala panjerwa, udzu utamera m'mbali.

Nesi anagwada m'matope n'kusuzumira kunsi. Mumdimamo munali maso awiri obiriwira.

"Khutu," ananong'ona. "Ndine. Tiye kwathu."

Anatambasula dzanja. Mphakayo anagoneka makutu, anaonetsa mano, n'kuchita fuu! Kenaka anabwerera chammbuyo mpaka kukona kumene dzanja silikanafika. Nesi anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira. Ngakhale tsiku lija m'ngalande, asakumudziwa n'komwe, Khutu sanamuonetse mano.

"Ndikutulutsire?" makaniko anafunsa ali kumbuyo kwake. "Ndimutokose ndi ndodo, iwe udikire ndi thumba mbali inayo. Sizitenga nthawi."

Nesi anayang'ana thumba limene bamboyo anatola pamulu wa matayala. Akanatha kufika ndi Khutu kunyumba tsopano lino, kutseka chitseko, kutseka mazenera onse. Mtima wake unkafuna zimenezo kwambiri. Anasuzumiranso kunsi kuja. Khutu ankanjenjemera, maso ali padzanja lake, osati pankhope.

Anabweza dzanjalo pang'onopang'ono.

"Ayi, zikomo. Musamugwire. Koma chonde, musamupatse chakudya."

Makaniko anaseka mpaka kutsokomola. "Chakudya? Ine ndemwe chidzukireni sindinalawe kanthu!"

Nesi anabwerera chimanjamanja, mawondo ali matope okhaokha. Amayi anamuona akulowa, naimitsa makina.

"Wamupeza?"

"Ee. Sakundifuna."

"Ndiye wamusiya komweko?"

"Ee."

Amayi anadzuka, anakavala juzi, n'kutsegula chitseko chakuseri, nachitchinga ndi njerwa kuti mphepo isachitseke. Chisanu chinalowa m'nyumba monse, koma palibe amene anadandaula.

Lolemba kusukulu Nesi sanamve chilichonse. Aphunzitsi anamufunsa funso kawiri, iye maso ali pazenera. Belu lowerukira litalira, anayenda yekha, akuyang'ana m'mbali mwa msewu, akuopa chimene angaone pa phula.

Atafika pakhomo anamva makina akulira. Amayi sanadzutse mutu.

"Lowa pang'onopang'ono. Usathamange."

Kunsi kwa tebulo la makina, pafupi ndi mapazi a amayi, kunali Khutu. Ubweya unali utada ndi oyilo, pamphuno pali chilonda chatsopano. Mbale yake inali pambali, yonyambitidwa.

"Wabwera masana, akulira ngati tili naye mlandu," amayi anatero. "Wadya, wagona."

Nesi anaika chikwama pansi n'kusuntha phazi limodzi. Khutu anadzuka nthawi yomweyo, anagoneka makutu, n'kuzembera kuseri kwa miyendo ya amayi. Nesi anaima pomwepo. Chitseko chakuseri chinali chikadali chotsegula, panja mvula itayambanso kuwaza.

"Amayi, nditseke?"

"Iwe ukuona bwanji?"

Nesi anayang'ana chitsekocho, anayang'ana mphakayo. Kenaka anatola chikwama chake n'kukakhala pansi kukona yakutali, msana uli kukhoma, natulutsa buku la masamu. Khutu anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Pomaliza anatembenuka, anamulozetsa msana, n'kugona. Nesi sanamuitane. Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, n'kuyamba samu yoyamba, mphepo yozizira ikumuomba m'mapazi.