Mawu a M'munsi Nambala 88

Ine sindine munthu wa nthano. Ntchito yanga ndi yoona ngati mpatuliro wakhala pamalo pake, ndipo ndaigwira zaka 23 pakampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku a maphunziro ku Groningen. Zimene ndikunenazi zinachitika Lachiwiri masana, mu Novembala. Folkert, amene amayala masamba athu pakompyuta, analipo. Kamufunseni, akakuuzani zomwezi.

Bukulo linali la a Profesa Siebren Wiersma, lonena za madzi osefukira amene anamiza midzi ya kugombe kalekale. Linkayenera kupita kumakina osindikizira Lachisanu. Gawo langa linali mawu a m'munsi, aja osonyeza kumene wolemba watenga mfundo. Lamulo lathu silisintha: dzina la wolemba, mutu wa buku m'zilembo zopendekera, mzinda ndi chaka, kenako tsamba, n'kutseka ndi mpumiro. Ndinali nditawawerenga kawiri. Analipo 212.

Tsiku limenelo ndinapeza 213.

Atsopanowo anali pa nambala 88: Aukje Terpstra, Kope Loyamba, losasindikizidwa, tsamba 41. Olembedwa mwaukhondo, popanda pokonza.

"Folkert, wayamba liti kulembera maprofesa mabuku?"

"Ine? Ngakhale khadi la Khirisimasi limandikanika," anatero akutafuna buledi wake wa tchizi. "Maso akowo akufuna penshoni, Tjitske."

Anawafufuta ine ndikuona, n'kusindikizanso tsambalo. Linatuluka lili lofunda. Nambala 88 inalipo. Pansi pake panali pataonjezeka ina: Yemweyo, tsamba 42.

Folkert anaika buledi pansi.

Ndinaimbira a Profesa. Anafika cha m'ma 3 koloko, jekete itanyowa, nkhope ili gwaa.

"Mayi Boersma, ndinakuuzani kuti musakhudze..." Anaona dzinalo. Anakhala pampando osauzidwa.

"Mukuwadziwa?"

"Anali mphunzitsi wanga kupulayimale. Anamwalira kale, patha zaka 19." Analoza tsambalo. "Fufutani."

"Ngati mfundoyi ndi yawo, ine sindifufuta."

"Ndati fufutani. Bukuli ndi langa."

Chotenthetsera m'chipinda, chimene chimalira tsiku lonse, chinangoti zii. Mvula inkaoneka pawindo koma osamveka. Kenako kunabwera fungo la choko ndi la juzi yaubweya yonyowa. Muofesi mwathu simunalowepo choko.

Tinamva kukwecha. Kwe. Kwe. Ngati cholembera papepala. Kunkachokera mkati mwa mulu wa masamba umene unali patebulo langa. Panalibe dzanja. Palibe pepala limene linagwedezeka.

"Tjitske," ananong'ona Folkert. "Tawerenga."

Ndinavundukula. Mawu a m'munsi anali atafika 220. Ndinawerenganso. 231. Mutu uliwonse wa bukulo. Terpstra. Yemweyo. Yemweyo.

"Basi, aphunzitsi," anatero a Profesa, mawu atachepa ngati a mwana wa sukulu. "Basi. Ndamva."

Kukwechako kunasiya.

Anaulula okha, maso ali pansi. Mayi Terpstra anatha zaka 30 akupalasa njinga m'matchalitchi a m'midzi, kukopera zolembedwa zakale za madziwo. Atadwala anapereka makope awo kwa a Profesa kuti adzawasindikize m'dzina la mwiniwake. Mayiwo analibe mwana, analibe m'bale.

"Ndinkati ndani angadziwe," anatero.

Ndinawauza kuti abweretse makopewo m'mawa mwake, chifukwa ine sindivomereza nambala ya tsamba limene sindinalione ndi maso. Anabwera nawo asanu, omanga ndi chingwe. Ine ndi Folkert tinakhala tsiku lonse tikuyerekeza. Mawu atsopano analipo 42. Tinayenda nawo bwinobwino, kope lake, tsamba lake, osaphonya ndi pamodzi pomwe, mpaka tinafika pa omaliza, a kumapeto kwenikweni kwa bukulo: Aukje Terpstra, Kope Lachisanu ndi Chimodzi, tsamba 3.

"A Profesa, linalo lili kuti?"

"Kulibe lina. Anandipatsa asanu. Taonani lachisanulo, anangolisiyira panjira sabata imene anamwalira."

Ndinaona. Linatheradi pakati pa chiganizo, masamba otsalawo ali oyera.

"Nanga ndime yomaliza ya buku lanuli munaitenga kuti?"

Anaiwerenga nthawi yaitali.

"Imeneyi yokha ndi yanga. Ndikulumbira. Inandibwerera chaka chathachi, m'mawa, ndikumeta ndevu."

Folkert anandiyang'ana, chala chili pabatani. "Tifufute?"

Sitinafufute.

Bukulo linatuluka dzina la Mayi Terpstra lili pachikuto, pamwamba pa la a Profesa. Mawu a m'munsi omaliza aja alimonso, m'munsi mwa tsamba 309. Anthu atatu ophunzira alemba kale makalata kufunsa kumene angakawerenge kope lachisanu ndi chimodzilo. Makalatawo ali m'dirowa mwanga. Sindinawayankhe.